Mtsempha ukaboolidwa mwangozi kuchipatala: momwe amaukonzera osang'amba thupi

Wodwala impso akafika poti magazi ake asefedwe ndi makina mwachangu, dokotala amalowetsa chubu chokulirapo mumtsempha wa pakhosi. Mtsempha womwe amafuna ndi wobweza magazi ku mtima, wofewa, womwe magazi ake amayenda mwaulesi. Koma pambali pake penipeni, mogundana nawo, pamadutsa mtsempha wina wopereka magazi ku ubongo. Nthawi zina singano imaphonya n'kulowa mu wachiwiriwu, ndipo ngati palibe wazindikira msanga, chubu chonse chimatsatira. Munthu aliyense akaona kuti walowetsa chinthu polakwika, dzanja limathamangira kuzula ndi kutsindira pabalapo. Apa ndiye pamene pali ngozi yoposa kuphonya koyambako.

Mu 2008 madokotala a ku Montreal, m'dziko la Canada, anasonkhanitsa nkhani za odwala omwe izi zinawachitikira. Mwa amene anazulidwa chubu chachikulu n'kungotsindiridwa ndi dzanja, pafupifupi theka anakumana ndi mavuto aakulu, kuphatikizapo sitiroko ndi imfa. Amene chubu chinasiyidwa pomwepo mpaka akatswiri a mitsempha atabwera kudzatseka bowolo anatuluka bwino. Chifukwa chake n'chosavuta kumva: chubucho, ngakhale chili polakwika, ndicho chatseka bowo. Mukachichotsa, magazi amafwamphuka m'kati mwa khosi n'kupanikiza kholingo, kapena kamphumphu ka magazi oundana kamathothoka n'kukatseka mtsempha wa mu ubongo. Ndipo ngati mtsempha woboolidwawo ndi uja wodutsa kuseri kwa fupa lopingasa la pansi pa khosi, palibe chala chomwe chingafikeko kukatsindira. Masiku ano malangizo a madokotala ogonetsa odwala ndi oti chubu chachikulu chikalowa mumtsempha wotere, chisiyeni, itanani odziwa.

Odziwawo kale ankangokhala madokotala a mpeni basi. Tsopano gawo lalikulu la ntchitoyi limagwiridwa kudzera m'kati mwa mtsempha momwemo, polowera pa kabowo kosaposa kukula kwa njere ya mpunga.

Mitsempha yochoka ku mtima ndi yosiyana kwambiri ndi yobwerera ku mtima. BP yomwe amatiyeza pamkono, monga 120 pa 80, ndi mphamvu ya magazi m'mitsempha yochoka ku mtima. M'mitsempha ikuluikulu yobwerera, mphamvuyo nthawi zambiri siposa 10. N'chifukwa chake pomwe anesi atenga magazi pamkono pamauma ndi kathonje chabe, pamene bowo la pa mtsempha wochoka ku mtima limakankhidwa ndi kugunda kulikonse kwa mtima, osapatsidwa mpata woti litsekeke.

Kuvulala kwake sikumabwera m'njira imodzi. Magazi akhoza kungotayikira m'thupi, poonekera kapena mobisika. Akhoza kutuluka pang'onopang'ono n'kudzipangira kathumba m'minofu yozungulira, kolumikizana ndi mtsemphawo kudzera pa kakhosi kopapatiza. Magazi amalowa m'kathumbako mtima ukagunda, n'kubwerera ukapuma. Madokotala amakatcha pseudoaneurysm, ndipo kamamveka ngati chotupa chogunda pansi pa khungu. Khoma lake si khoma la mtsempha ayi, ndi magazi oundana ndi minofu basi, choncho kakhoza kuphulika tsiku lililonse. Singano ikapyoza mitsempha iwiri yoyandikana, magazi amatha kuyamba kudumpha kuchoka mu wamphamvu kupita mu wofooka osakafika kumene amafunika. Njira ina ndi yoti kansalu ka m'kati mwa mtsempha kamasendeka, magazi n'kulowa kuseri kwake, n'kutseka njira. Apo vuto silikhala kutaya magazi koma mwendo kapena chiwalo kusowa magazi.

Zinthu izi zimachitikira ngakhale dokotala waluso. Kutenga kanyama ka impso kapena chiwindi kuti akayeze, kuchotsa miyala mu impso, opaleshoni ya chiuno kapena ya msana, kubereketsa mayi ndi mpeni, kukolopa m'chiberekero mimba ikapita padera: ntchito zonsezi zimadutsa pafupi ndi mitsempha yomwe maso saiona. Chodabwitsa n'chakuti ngozi zambiri za mtunduwu zimachokera ku njira zomwezi zosang'amba thupi, chifukwa aliyense wopimidwa kapena kutsegulidwa mitsempha ya mtima ndi kachubu amayamba waboolidwa mtsempha mwadala.

Njira yolowera

Maziko a ntchito yonseyi anaikidwa mu 1953 ndi Sven Ivar Seldinger, dokotala wa X-ray wa ku Sweden. Nzeru yake inali ya ndondomeko chabe: baya mtsempha ndi singano yobooka m'kati, lowetsa waya wofewa kudzera m'singanomo, chotsa singano, kenako tsetserezera kachubu pawayapo. Waya ndiye amasunga njira. Mu 1964 Charles Dotter, ku Portland m'dziko la America, anagwiritsa ntchito machubu otere potsegula mtsempha wa mwendo wa mayi wokalamba yemwe anakana kudulidwa, ndipo anasonyeza kuti kachubu kakhoza kuchiritsa, osati kungoyeza.

Lero wodwala amagona pabedi lokhala ndi makina a X-ray oonetsa zithunzi zoyenda. Nthawi zambiri sagonetsedwa tulo. Amangobayidwa mankhwala a dzanzi m'mphechepeche kapena pamkono pafupi ndi dzanja. Dokotala amayendetsa waya ndi kachubu akuyang'ana pa sikirini, kukhota m'mphambano za mitsempha mpaka pafupi ndi povulala. Akafika amapopera mankhwala amadzi ooneka pa X-ray, ndipo pomwe pabooka pamaoneka ngati utsi wakuda ukutuluka m'njira. Ubwino wake ndi ngati wa paipi ya madzi yomwe yaphulika pansi pa simenti ya nyumba: mmisiri wina aswa pansi ponse kufunafuna pophulika, wina alowera kumpopi n'kukamata m'kati. Opaleshoni yotsegula pamalo podzaza magazi, mwa munthu yemwe wangochitidwa kumene opaleshoni ina ndipo BP yake yatsika, ndi yovuta ndi yoopsa, ndipo nthawi zina dokotala amatsegula koma osaupeza mtsempha womwe ukutayawo.

Ngati magazi akutayika kwambiri, chinthu choyamba si kukonza. Amafikitsa kabaluni pa bowolo kapena kumtunda kwake n'kukafufumitsa. Magazi amaima, wodwala amaonjezeredwa magazi, ndipo gulu lonse limapeza mpata woganiza. Bowo likakhala laling'ono, kusiya baluniyo kwa mphindi zingapo kumakwanira kuti litsekeke lokha.

Funso lomwe limagamula zonse

Akaima magazi, dokotala amadzifunsa funso limodzi: kodi thupi lingathe kukhala popanda mtsempha umenewu? Yankho la funsoli ndilo limasankha chida.

Ngati mtsemphawo ndi kanthambi kakang'ono, kapena dera lomwe umadyetsa lili ndi njira zina zolandirira magazi, amangoutseka. Chida chodziwika kwambiri ndi timawaya topiringizika, masiku ano ta platinamu, tomwe timatuluka m'kachubu tili towongoka n'kudzikulunga m'kati mwa mtsempha. Magazi amaundana pa ito, njira n'kutsekeka mpaka kalekale. Cesare Gianturco ndi anzake ndiwo anatifotokoza koyamba mu 1975. Palinso tizidutswa ta siponji ya gelatin tomwe timatseka kwa masabata angapo kenako n'kusungunuka, mtsempha n'kutsegukanso bala litapola. Palinso guluu wa kuchipatala yemwe amauma akangokhudza magazi. Guluuyu amathandiza kwa wodwala yemwe wataya magazi ambiri mpaka otsalawo sakuundananso, poti timawaya tija timadalira magazi a mwini wake kuti timalize ntchito. Koma guluu safuna dzanja lonjenjemera: akapitirira pang'ono amatseka pomwe sipanafunike.

Pali msampha umodzi womwe umasiyanitsa wodziwa ndi wophunzira. M'malo ngati m'mimba, mitsempha imalumikizana mbali zonse. Mukatseka kumtunda kwa bowo kokha, magazi amazungulira n'kubwera chakumbuyo, bowo n'kupitiriza kutaya, ndipo tsopano mwadzitsekera nokha khomo lolowera. Choncho amayamba adutsa bowolo, kutseka kumunsi kwake, kenako n'kubwerera kutseka kumtunda. Mu impso nkhani ndi ina. Nthambi iliyonse imadyetsa kachigawo kakekake popanda wothandiza, ndiye chomwe mwatseka chimafa. Kumeneko luso ndi kufikitsa kachubu kowonda kwambiri pa kanthambi kenikeni komwe kakutaya, kuti impso itaye kachigawo kochepetsetsa.

Chitsanzo chomwe chili pafupi ndi moyo wa mabanja ambiri ndi cha chiberekero. Mayi wabereka ndi mpeni, watuluka m'chipatala ali bwino. Patapita sabata ziwiri kapena kuposerapo, mwadzidzidzi akutaya magazi ofiira kwambiri, kenako aleka, patapita masiku ayambiranso. Kawirikawiri kutaya magazi mochedwa chonchi kumabwera chifukwa cha zotsalira za nsengwa kapena matenda olowa m'chiberekero, ndiye maganizo oyamba amakhala oti akolopedwe. Koma mwa amayi ochepa, gwero lake ndi kathumba kaja pa mtsempha wa chiberekero womwe unavulala pa opaleshoni. Kukolopa mayi wotero ndi kukang'amba kathumbako. Sikani ya ultrasound yoonetsa kuyenda kwa magazi mwa mitundu imakaonetsa bwino: m'kati mwake mumaoneka kufiira ndi kubiriwira zikuzungulirana. Kutseka mitsempha ya m'chiuno pofuna kuletsa magazi a uchembere kunalembedwa koyamba mu 1979, ndipo chiberekero chimapirira chifukwa chimalandira magazi kuchokera mbali zingapo. Amayi ambiri othandizidwa motere amayambiranso kusamba, ndipo ambiri anaberekanso. Kumene njirayi kulibe, chotsala ndi kutsegula mimba kukamanga mitsempha kapena kuchotsa chiberekero chonse. Kwa mtsikana wa mwana mmodzi, kusiyana kumeneku si kwakung'ono.

Nanga ngati mtsemphawo ndi woti sungatsekedwe, monga wopita ku ubongo, ku dzanja kapena ku mwendo? Apo amafuna kutseka bowo koma njira ikhale yotseguka. Chida chake ndi stent yokutidwa: kaukonde kachitsulo kozungulira kovekedwa nsalu yosadutsa magazi. Imalowa yofinyidwa, ikafika pa bowo imatambasuka n'kukakamira khoma, magazi n'kumadutsa m'kati mwake. Nzeru yoika chubu chotere m'kati mwa mtsempha inayesedwa ndi Nikolai Volodos ku Kharkiv, m'dziko la Ukraine, m'zaka za m'ma 1980, ndipo inatchuka Juan Parodi atakonza mtsempha waukulu wa m'mimba mwanjirayi ku Buenos Aires, m'dziko la Argentina, mu 1990. Stent yotere ndiyo imapulumutsa pomwe opaleshoni ya msana yapyoza mtsempha waukulu wa m'chiuno, kapena pomwe chubu cha pakhosi chija chalowa kuseri kwa fupa. Amaiika pamalo, wina n'kuzula chubucho, nthawi yomweyo stent n'kutambasulidwa.

Mumtima momwemo zimachitikanso. Potsegula mtsempha wa mtima, mwa odwala osakwana mmodzi pa 100 alionse mtsemphawo umang'ambika. Magazi amathira m'thumba lokuta mtima, ndipo thumbalo silitanuka msanga. Magazi osadzaza kapu akhoza kuupanikiza mtima mpaka kulephera kupopa. Dokotala amafufumitsa baluni pong'ambikapo, wina amabaya singano pansi pa chifuwa kukoka magaziwo, kenako amaika stent yokutidwa kapena kutseka kanthambiko ngati kali kakang'ono.

Pa bowo loongoka lozungulira, losiyidwa ndi chubu, palinso tizida totsekera pakhomo. Tina timasoka bowolo ndi ulusi kuchokera m'kati, tina timalipana pakati pa kachigamba ka m'kati ndi kachotsekera ka kunja, ndipo tiwiriti timasungunuka pakapita miyezi. Tinapangidwira mtsempha wa m'mphechepeche, koma madokotala amatigwiritsanso ntchito m'malo ena akaona kuti n'koyenera.

Chotupa cha m'mphechepeche

Imodzi mwa ngozi zofala kwambiri pa zonsezi ndi kathumba ka magazi pomwe anabaya m'mphechepeche. Malo oyenera kubaya ndi afupi: pamene mtsempha wadutsa pamwamba pa mutu wa fupa la ntchafu, kuti potsindira pakhale cholimba kumbuyo. Mukabaya m'munsi, palibe fupa lotsamira, ndiye kathumba kamapangika. Mukabaya m'mwamba, magazi amatayikira kuseri kwa matumbo komwe kumalowa malita angapo popanda choonekera kunja. Wodwala amangodandaula msana kapena m'nthiti, thukuta lili kamukamu, BP ikutsika.

Kathumba kosakwana masentimita awiri, mwa munthu yemwe sakumwa mankhwala oletsa magazi kuundana, nthawi zambiri kamauma kokha, ndipo amangokayang'anira ndi sikani. Kakakula, njira yomwe inafotokozedwa mu 1991 ndi yotsindira kakhosi kake ndi mutu wa makina a sikani mpaka magazi a m'kathumba aundane. Imagwira ntchito, koma ndi yowawa, imatha kutenga ola lathunthu, manja a wotsindira amatopa, ndipo imalephera kawirikawiri mwa omwe ali pa mankhwala aja. Kumapeto kwa zaka za m'ma 1990 kunafala njira ina: kubaya singano yopyapyala m'kathumbamo, akuyang'ana pa sikani, n'kuthira timadontho ta thrombin, chinthu chomwe thupi lenilenilo limagwiritsa ntchito poundanitsa magazi. M'masekondi ochepa mitundu yozungulirana ija imazima pa sikirini. Njirayi imatheka mwa odwala oposa 90 pa 100 alionse. Chenjezo lake ndi loti nsonga ya singano ikhale kutali ndi kakhosi, ndipo kakhosiko kasakhale kotakata, chifukwa thrombin akalowa mumtsempha weniweni amakaundanitsa magazi a mwendo wonse.

Pa njira zonse zomwe ndatchula, iyi ndi yomwe imandichititsa chidwi, chifukwa siifuna chipinda cha makina odula. Imafuna sikani, singano, mankhwala ndi munthu wophunzitsidwa.

Kupewa nakonso kwapita patsogolo. Kubaya mtsempha ukuuona pa sikani, m'malo mongopapasa ndi chala, kwachepetsa kuphonya, makamaka pakhosi. Ndipo madokotala a mtima ambiri anasamuka m'mphechepeche kupita pamkono, njira yomwe Lucien Campeau anailemba mu 1989 ku Montreal. Mtsempha wa pamkono uli pafupi ndi khungu, wagona pa fupa, ndipo ukataya magazi zimaoneka nthawi yomweyo.

Pomwe mpeni sungalowedwe m'malo

Pali chizolowezi chokamba za njira zosang'amba thupi ngati zopanda mtengo wake. Si zoona. Stent ndi chinthu chachilendo chomwe chimakhala m'thupi moyo wonse. Ikhoza kutsekeka ndi magazi oundana, n'chifukwa chake wodwala amapatsidwa mankhwala monga aspirin ndi clopidogrel kwa miyezi, ndipo ameneyu ndi munthu yemwe dzulo lake amataya magazi. Pamalo opindika ngati m'mphechepeche ndi kuseri kwa bondo, chitsulo chimapindidwa pa sitepe iliyonse ndipo chikhoza kuthyoka. Kumeneko kusoka ndi manja kumakhalitsa kuposa. Mwa mwana yemwe akukula, mtsempha umakula koma stent ayi. Pabala lomwe lagwidwa mafinya, kuika nsalu ndi chitsulo ndi kupatsa tizilombo pobisala. Ndipo kutseka bowo sikuchotsa magazi omwe atayika kale: ngati chotupa chikupanikiza kholingo, chikufinya mitsempha yonyamula mauthenga a ubongo mpaka mwendo kuchita dzanzi, kapena khungu layamba kuda, ayenera kutsegula n'kuchotsa.

Mankhwala ooneka pa X-ray aja amalemetsa impso, makamaka mwa odwala shuga ndi omwe BP yawo yatsika. Cheza cha X-ray chimachuluka ntchito ikatalika. Pambuyo potseka mtsempha wa chiwalo, wodwala amatha kumva ululu, kutentha thupi ndi mseru kwa masiku angapo. Ndipo njira yolowera kukakonza imafuna kuboola mtsempha wina, womwe nawonso ukhoza kuvuta. Choncho zipatala zochita bwino sizipikisanitsa njira ziwirizi. Dokotala wa kachubu ndi dokotala wa mpeni amayang'ana zithunzi limodzi, ndipo nthawi zina mmodzi amagwira magazi ndi baluni pamene mnzake akutsegula kuti asoke pouma.

Vuto lalikulu kwa anthu a kuno kwathu ndi kupezeka kwake. Chipinda cha makina otere n'chodula, chimafuna magetsi osazimazima, ndipo timawaya ndi ma stent ziyenera kukhala pashelefu za masaizi osiyanasiyana, zikudikira ngozi yosadziwika tsiku. M'zipatala za m'maboma mulibe zimenezi, chonsecho ndimo amayi ambiri amaberekera ndi mpeni. Akatswiri ake ndi ochepa m'maiko ambiri a kum'mwera kwa Sahara. Ku Dar es Salaam, pa chipatala cha Muhimbili, gulu la Road2IR linayamba mu 2018 kuphunzitsa madokotala ntchitoyi komweko, aphunzitsi ochokera kunja akumasinthana kubwera, m'malo motumiza ophunzira kunja. Ndikuona kuti ndi njira yanzeru. Komabe ngakhale makinawo asanafike, gawo lalikulu la kupulumutsa moyo lili pa kuzindikira: kuika sikani pa chiberekero musanakolope mayi wotaya magazi mobwerezabwereza pambuyo pa opaleshoni, kusabaya chotupa chogunda poganiza kuti ndi chithupsa, kusazula chubu chachikulu chomwe chikutulutsa magazi ofiira mothamanga.

Odwala ambiri a ku Malawi ndi ku Zambia amakathandizidwa mitima ku India kapena ku South Africa n'kukwera ndege patangopita masiku ochepa, pamene kathumba ka magazi kamatha kuonekera munthu atafika kale kumudzi. Kufiira kapena kuda kwa khungu pomwe anabaya n'kwachibadwa ndipo kumazilala. Chotupa chomwe chikukula, chogunda kapena chopweteka kwambiri n'china: ndi chizindikiro cha ngozi. Chimodzimodzi mwendo kapena dzanja lozizira, lotuwa, la dzanzi. Chizungulire ndi kupweteka kwa msana mwadzidzidzi. Mkodzo wa magazi womwe wayambiranso pambuyo pobayidwa impso. Chimbudzi chakuda bii, maso achikasu ndi ululu wa kumanja kwa mimba pambuyo pobayidwa chiwindi. Kutaya magazi pang'ono komwe kwaleka kokha patapita masiku chichitikireni opaleshoni ya m'mimba kusapeputsidwe, chifukwa nthawi zambiri kumatsogolera kutaya kwakukulu. Magazi akamatuluka pomwe anabaya, wodwala agone chagada, wina atsindire mwamphamvu ndi zala pamwamba pang'ono pa kabowoko osasiyasiya kuti aone, ndipo galimoto ipezeke. Popita kuchipatala mutenge kalata yotulutsira wodwala, yolembedwa mtsempha womwe anabaya, chida chomwe anasiya m'thupi ndi mankhwala oletsa magazi kuundana omwe akumwa, ndipo mankhwalawo asasiyidwe popanda kufunsa dokotala.